Walira mvula walira matope: za ku Kayelekera tili pagombe la Khuyu

Sabata ino ndikulemba ndili kwathu ku Khuyu, pachilumba cha Likoma. Ndidakwera Ilala kuti ndidzaone amayi komanso ndipumuleko nkhani za andale, koma paja mtolankhani nkhani imamutsata ngati ntchentche pa usipa wauwisi.

Lachiwiri madzulo ndidatsikira kugombe. Amalume adali pamchenga akusoka chilimira, anyamata akukonza nyali zoti apite nazo pamadzi. Mnyamata wina amene wangobwera kumene kuchokera ku Karonga ndiye adaiyamba nkhaniyi.

"Mwamva, akuluakulu? Mgodi wa yureniyamu uja adautsegulanso. Ati posachedwapa usipa uziwala wokha usiku, nyalizi tizitaya."

Anthu adafa nacho chiseko. Amalume okha ndi amene sadaseke. Adaika singano pansi n'kundiyang'ana.

"Iwe mphwanga, paja umalemba m'nyuzipepala. Tatiuza zoona, chinthu chimenechi chidzatiphera nyanja kapena ayi?"

Abale anga, ndidagwidwa njakata. Sayansi yanga ndi ya Fomu 4, ndipo munthu wamkulu sumuyankha zongopeka pa nkhani yokhudza ndiwo za ana ake. Ndidawapempha masiku atatu. Yankho langa ndi ili, ndipo ndati ndiliike pano kuti nanunso mulimve, poti nyanjayi si ya amalume okha.

Tiyambire poyambira. Mgodi wa Kayelekera uli m'mapiri a kuzambwe kwa tauni ya Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 ukamalowera ku Chitipa. Mwalawu adaupeza ndi akatswiri a ku Britain m'zaka za m'ma 1980, koma udangogona pansi mpaka kampani ya ku Australia ya Paladin idagwirizana ndi boma mu 2007 n'kutsegula mgodi mu 2009. Mu Marichi 2011 kudachitika ngozi pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, m'dziko la Japan. Maiko adachita mantha, mtengo wa yureniyamu udagwa, ndipo mu Febuluwale 2014 Paladin idaimitsa ntchito. Apa n'kuti itatulutsa matani pafupifupi 5,000 a ufa wa yureniyamu, umene eni ntchitoyi amautcha yellowcake. Mu 2020 Paladin idagulitsa gawo lake ku kampani inanso ya ku Australia, Lotus Resources, boma lathu n'kukhalabe ndi magawo 15 pa 100 alionse. Kumayambiriro kwa 2024 mtengo udakwera mpaka kudutsa madola 100 pa paundi, ndipo mu 2025 makina adaliranso ku Kayelekera. Ndiye mnyamata uja sadaname kuti mgodi adautsegula. Adanama za kuwala kwa usipa basi.

Tsono imvani mmene ntchitoyi imayendera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Amaphulitsa thanthwe, kulinyamula pa mathiraki, kuliphwanya ndi kuligaya mpaka lisanduke phala. Phalalo amalithira asidi wa mtundu womwe uja wa m'mabatire a galimoto, kuti yureniyamu asungunuke atuluke m'mwalamo. Kenaka amamukolola, kumuumitsa ndi kumutsekera m'migolo yachitsulo. Koma mwala wa ku Kayelekera si wonona. Pa tani imodzi ya mwala, chotengamo ndi kilogalamu imodzi, pena kucheperapo. Tayerekezani mwapita kuchigayo ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, inu n'kubwerako ndi ufa wolemera ngati paketi imodzi ya shuga, ena onsewo madeya. Ufa uja umakwera sitima kupita kunja. Madeya amatsala kuno. Werengerani nokha: ngati ufa udakwana matani 5,000, matope otsala ndi matani mamiliyoni angapo, ndipo ali phee m'damu pamwamba pa phiri.

Mwina wina anganene kuti, aaa, poti yureniyamu adachotsamo, matopewo ndi dothi wamba. Ayi ndithu. Mwala umenewu umatulutsa cheza chosaoneka ndi maso, chosamveka fungo, chimene asayansi amati radiation. Cheza chimenechi sichichokera kwa yureniyamu yekha. M'mwalamo mulinso ana ake ndi zidzukulu zake, monga thorium ndi radium, ndipo amenewa kampani siwafuna, amapita kudamu. N'chifukwa chake magawo pafupifupi 85 pa 100 a cheza cha mwalawo amatsalira m'matope. Kuti mphamvu ya radium itsike kufika pa theka pamafunika zaka 1,600. Ya thorium wa m'matopewo, zaka zoposa 75,000. Ife kuno timanyadira tchalitchi chachikulu cha St Peter's kuti n'chakalekale, chonsecho adayamba kuchimanga mu 1903. Pamaso pa matope a ku Kayelekera, tchalitchi chathu ndi khanda la dzulodzuloli.

Njira zimene zoipazi zingafikire munthu ndi zitatu: madzi, fumbi ndi mpweya. Madzi akadutsa m'matope amatenga asidi, yureniyamu wotsalira ndi radium n'kulowa nawo m'zitsime kapena mumtsinje. Yureniyamu akachuluka m'madzi akumwa amawononga impso, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaika malire a mamaikulogalamu 30 pa lita imodzi. Matope akauma, mphepo imaulutsa fumbi lake kukalitula pa ndiwo zamasamba, pa ufa woyanika ndi m'mapapo a anthu. Ndiye pali mpweya wotchedwa radon umene umafuka kuchokera kwa radium. Suoneka, sununkha, koma WHO imati pambuyo pa fodya, umenewu ndi umodzi mwa magwero akuluakulu a khansa ya m'mapapo.

Kodi ndiye kuti palibe chochita? Chilipo, ndipo si matsenga. Malamulo a ntchitoyi amadziwika dziko lonse lapansi. Pansi pa damu pamayenera kuyalidwa dongo lotsendereka kapena pulasitiki wokhuthala kuti madzi asalowe m'nthaka. Matope amawathira laimu kuti ukali wa asidi uphwe. Damu salidzaza mpaka m'milomo, amasiya mpata woti ngakhale kugwe chimvula chosalekeza lisasefukire. Mozungulira damu amakumba zitsime zoyezera, ndipo amatungamo madzi kawirikawiri kuti ngati pansi pakudontha adziwe msanga. Madzi alionse otuluka pamgodi amayenera kuyeretsedwa ndi kuyezedwa asanaone mtsinje. Misewu ya pamgodi amaithira madzi kuti fumbi ligone. Wantchito amavala chotchinga kukamwa ndi mphuno, sadyera pamalo a fumbi, amasamba asanaweruke, ndipo ovololo yake imatsala komweko, osati kukaichapitsa kwa mayi a kunyumba pamodzi ndi matewera a mwana. Pachifuwa amavala kabaji kowerenga cheza chimene thupi lake lalandira. Muyezo wake amati millisievert. Wantchito asapitirire 20 pa chaka, ukagawa pa zaka zisanu, ndipo munthu wamba wa m'mudzi woyandikana mgodi usamuwonjezere kuposa 1 pa chaka. Kuti muone kukula kwake, tonsefe timalandira pafupifupi 2.4 pa chaka kuchokera m'nthaka, m'mlengalenga ndi m'zakudya, mgodi ulipo kaya palibe. Pomaliza, ntchito ikatha, damu lonse amaliphimba ndi dongo lochindikala, miyala ndi dothi, kuti radon asafuke ndiponso mvula isakokolole, kenaka n'kumaliyang'anira kwa mibadwomibadwo.

Papepala zonsezi n'zokoma. Koma ife a ku Khuyu mwambi wa chikomekome cha nkhuyu timaudziwa bwino, mkati mumakhala nyerere. Nyerere yoyamba ndi malo amene damulo lakhala. Madzi a ku Kayelekera amatsikira mumtsinje wa Sere, Sere amathira mu North Rukuru, ndipo North Rukuru amathira m'nyanja pafupi ndi tauni ya Karonga. Derali ndi la mvula yamphamvu, komanso ndi la zivomezi. Ndani waiwala Disembala 2009, pamene nthaka idagwedezeka kangapo ku Karonga, nyumba zambirimbiri n'kugwa? Nyerere yachiwiri ndi yakuti ngozi zazing'ono zidachitikapo kale. Mu Febuluwale 2014 thiraki yonyamula ufa wa yureniyamu idagwa chammbali pafupi ndi mgodi, ufa wina n'kutayika. Mu Januwale 2015 Paladin idalengeza yokha kuti chimvula chidang'amba pulasitiki wa m'thanki ina yosungira madzi a pamgodi, ngakhale idati pafupifupi zonse zotayikazo zidatsakamira m'makoma otchinga. M'nyengo yomweyo mabungwe a ku Karonga adali pa mkangano ndi kampaniyo pa nkhani yotayira madzi oyeretsedwa mumtsinje wa Sere. Kampani inkati madziwo ndi abwino, anthu ankati tionetseni umboni. Anthu sadalakwe kufunsa.

Ndipo musaganize kuti madamu otere amaphulika kwa osauka okha. Pa 16 Julaye 1979, ku Church Rock m'dziko la America, khoma la damu la matope a yureniyamu lidagumuka, madzi a asidi malita mamiliyoni oposa 300 n'kukhamukira mumtsinje wa Puerco, umene anthu a mtundu wa Navajo ankamwetsako ziweto zawo. Ngati zidachitika kwa eni ndalama ndi mainjiniya, ife ndife yani kuti tigone tulo?

Tsono ndiyankhe funso la amalume mosapsatira. Kuchokera ku Karonga kufika ku Likoma ndi makilomita oposa 200, ndipo nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 cha kumpotoko. Ngakhale zitavuta ku Kayelekera, madzi a pagombe la Khuyu sangasanduke poizoni tsiku limodzi, ndipo usipa sungawale. Amene angayambe kulira ndi abale athu a m'mbali mwa Sere ndi North Rukuru, amene amamwa, kusamba, kuthirira mbewu ndi kumwetsa ng'ombe m'mitsinje imeneyi, komanso asodzi a kumathiriro kwake, kumene mpasa ndi sanjika zimakwera kukaswana. Kuopseza anthu a pachilumba kuti afa mawa ndi bodza, ndipo ine sindilemba bodza.

Komabe pali zifukwa ziwiri zoti ifenso tikhale tcheru. Choyamba, nyanja yathu ili ngati mtsuko waukulu wa kachiboo kamodzi, mtsinje wa Shire ku Mangochi. Madzi ambiri sachoka kudzera pakachiboopo, amauma ndi dzuwa, ndipo zimene zidasungunuka m'madzimo zimatsala. Kuti madzi onse a m'nyanjayi asinthike pamafunika zaka mazanamazana. Chimene chalowamo lero adzachipeza ndi adzukulu a adzukulu athu. Chachiwiri ndi msika. Mphekesera imathamanga kuposa mwera. Tsiku limene kudzamveke kuti damu la yureniyamu lathira m'nyanja, mayi wogula usipa ku Limbe kapena ku Lilongwe sadzafunsa ngati ndi wa ku Karonga kapena wa ku Likoma, adzangotembenukira ku nyemba. Mu 2023, Japan itayamba kutayira m'nyanja madzi oyeretsedwa a ku Fukushima, dziko la China lidatseka chitseko ku nsomba zonse za ku Japan, ngakhale akatswiri a bungwe la IAEA adati madziwo akukwaniritsa miyezo. Nanga ife, amene sukulu fizi, sopo ndi malata zonse zimachokera mu chilimira, tingapirire miyezi ingati?

Ena amasokoneza matope a mgodi ndi zinyalala za m'malo opangira magetsi. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ufa wathu uja ukafika kunja sauponya m'ng'anjo momwemo. Mwa yureniyamu yense, mtundu umene umayaka, wotchedwa U-235, ndi wosakwana gawo limodzi pa 100. Amausefa mpaka ufike magawo 3 kapena 5, n'kuumba timibulu tonga nsonga ya chala, n'kutilonga m'mapaipi achitsulo. Timibuluti tikagwira ntchito zaka zingapo timatuluka tili toopsa zedi, moti munthu ataima pafupi popanda chotchinga sangakhalitse ndi moyo. Amatimiza kaye m'madamu a madzi kwa zaka zingapo kuti tizizire, kenaka n'kutitsekera m'zimigolo za chitsulo ndi simenti. Ku South Africa, malo a Koeberg pafupi ndi Cape Town akhala akupanga magetsi otere kuyambira 1984. Zinyalala zosaopsa kwambiri amakazikwirira kuchipululu ku Vaalputs, koma zoopsazo akusungabe pamalo pomwepo. Dziko la Finland lidayamba mu 2004 kukumba phanga lotchedwa Onkalo, lakuya mamita oposa 400 m'thanthwe, loti lisunge zinyalala zotere zaka 100,000. Ife ng'anjo ya nyukiliya tilibe, magetsi athu ambiri amachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye mutu umenewo si wathu. Wathu ndi matope. Koma taonani kusiyana kwa maganizo: anzathu akuwerengera zaka 100,000, ife timawerengera zaka zisanu, kuchoka pa chisankho kufika pa chisankho.

Pali chinanso chimene chingatifike pakhomo msanga kuposa madzi a Sere, ndicho zitsulo zakutha. Ku Arlit, m'dziko la Niger, kumene akumba yureniyamu kwa zaka zambiri, akatswiri a ku France a bungwe la CRIIRAD adapeza zitsulo zochokera kumgodi, zokhala ndi cheza, zikugulitsidwa pamsika. Ndipo ku Goiânia, m'dziko la Brazil, mu 1987, anyamata awiri otola zitsulo adalowa m'chipatala chosiyidwa n'kutenga mutu wa makina ochizira khansa. Atauphwanya, mudapezeka kaufa kowala mwa buluu mumdima. Anthu adakakonda, adagawana, ena adadzola, kamwana kena kadadya chakudya ndi manja a ufawo. Anthu anayi adamwalira, pafupifupi 250 adapezeka ndi cheza, oposa 100,000 adayezedwa, ndipo nyumba zina adachita kuzigwetsa. Zipangizo zokhala ndi timabokosi totere zimapezekanso kuno kwathu, m'zipatala zina, m'mafakitale ndi kwa omanga misewu, amene amayezera nazo kulimba kwa dothi. Ndiye inu anyamata otola zitsulo ndi inu ogula, imvani. Mukaona chitsulo cholemera modabwitsa chokhala ndi chizindikiro chonga pulopela ya injini ya boti, ya mapeni atatu, pamalo achikasu, musachigwire, musachiphwanye, musapite nacho kunyumba. Talikirani, chifukwa mukawirikiza mtunda kawiri mphamvu ya cheza imatsika kanayi. Musachedwepo, thamangitsani ana, ndipo kauzeni apolisi kuti aitane eni ntchito. Safunsa adadya phula.

Eni ntchitowo alipo. Malawi adalowa m'bungwe la IAEA mu 2006, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Atomic Energy Act mu 2011, ndipo pali bungwe la AERA loyang'anira zonse za cheza, kuphatikizapo la MEPA loteteza chilengedwe. Kwa amenewa, ndi kwa aphungu athu, wa Likoma yemwe, ndili ndi mapempho anayi, ndipo ndikupempha mwaulemu, chipewa chili m'manja.

Loyamba, zotsatira za kuyeza madzi a Sere, a North Rukuru ndi a kumathiriro zizilengezedwa poyera nthawi ndi nthawi, pawailesi ndi pa zikwangwani za kwa DC, m'Chinkhonde, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, osati m'mabuku achingerezi otsekeredwa m'makabati ku Lilongwe. Lachiwiri, oyeza asakhale a kampani okha. Mphunzitsi salola mwana kudzichongera yekha mayeso. Boma likhale ndi zida zake ndi anthu ake, ndipo nsomba nazonso ziziyezedwa kuyambira panopa, kuti mawa pakadzabuka mphekesera tidzakhale ndi poyerekezera. Lachitatu, tiuzidwe za chikole. Nthawi ya Paladin kudaikidwa madola 10 miliyoni oti adzakonzere malowo ntchito ikadzatha. Kodi pano chikolecho chili pa zingati, chili m'manja mwa yani, ndipo ndani adawerengera kuti n'chokwanira kuphimba matani mamiliyoni a matope ndi kuwalondera? Kampani ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Paladin idabwera, idapita. Matope sadakwere nawo ndege. Lachinayi, wantchito aliyense azipatsidwa m'manja zotsatira za kabaji kake, ndipo kaundula wake asungidwe ngakhale atachoka ntchito, chifukwa matenda a cheza amatha kudikira zaka 20 asanagogode.

Musandimve molakwa, sindikuti mgodi utsekedwe. Dziko lino lili pa ludzu la ndalama zakunja, ndipo anyamata a ku Karonga ndi ku Chitipa akufuna ntchito monga momwe tikuifunira ife. Walira mvula walira matope, zimenezo tikudziwa. Koma wolira mvula wanzeru amakumbiratu ngalande. Makolo athu adavotera matipate pa 14 Juni 1993 kuti munthu wamba azitha kufunsa boma funso popanda kuyang'ana kumbuyo, ndipo kuyambira 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma likugwira ntchito. Tiligwiritse ntchito. Madzi akatayika saoleka.

Lachisanu ndidabwerera kugombe n'kuwafotokozera amalume zonsezi, kuyambira madeya mpaka pulopela. Adamvetsera osadula mawu, singano ili m'manja. Nditamaliza adakhala chete kanthawi, kenaka adati:

"Ndiye ukuti nyali tisataye?"

"Musataye, amalume. Usipa suwala."

"Chabwino. Koma ukabwerera kumtundako ukawauze mabwanawo kuti mapepala a madziwo azititumizirako pa Ilala. Kuwerenga ine maso adafooka, koma udzatiwerengera ndiwe pompano."

Ndiye mabwana, uthenga ndi umenewo, ndautula. Tionana sabata yamawa, mwera ukalola.